A Zidebe Atayambanso Kumva

Dzina lakuti a Zidebe linawakakamira ali mnyamata, moti ngakhale mwana wawo akafunsidwa kuti ndi mwana wa yani ankangoti, "Wa a Zidebe, aja okhoma malata kuseri kwa msika." Shedi yawo inali yaing'ono, yakuti munthu ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri, ndipo inagundana ndi nyumba yawo yogona. M'katimo munali chidutswa cha njanji chokhomerapo, nyundo zazikulu ndi zazing'ono, sizasi ya malata imene zogwirira zake anazikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, ndi mbaula yosungunulira mtovu. Ankapanga ndowa, zidebe, zothirira mbewu ndi mapaipi otsitsa madzi a padenga. Kuyambira dzuwa likutuluka mpaka kulowa, khwalala lonse linkadziwa kuti mwini shedi ali moyo.

Makutu awo sanatsekeke tsiku limodzi. Zinayamba kuthawa ndi mbalame, kenako mawu a ana, kenako mawu a akazi awo akamalankhula ali kukhitchini. Nyundo yokha ankaimvabe, koma m'mafupa. Akazi awowo anali ataphunzira okha kachitidwe kake. Ankabwera n'kuwagwira paphewa, n'kuima patsogolo pawo, n'kulankhula bwinobwino, ndipo a Zidebe ankatola nkhani yonse. Mayiwo atamwalira, luso limenelo linapita nawo kumanda. Anthu obwera kudzapepesa ankangotsegula ndi kutseka pakamwa ngati nsomba, a Zidebe n'kumagwedeza mutu.

Pamaliro pomwepo m'pamene panafikira mng'ono wawo, amene aliyense ankamutcha Kondakitala chifukwa anakalambira pakhomo la mabasi a maulendo aatali. Ntchito inali itamuthera, mkazi atamuthawa, ndipo anafika ndi chikwama chimodzi ndi wayilesi, akuti adzakhala sabata imodzi. Munthuyo anali ndi mawu. Anzake ankati akaitana okwera padepoti, ngakhale amene ali kuchimbudzi ankatuluka lamba ali m'manja. M'dziko lonse anali munthu yekhayo amene a Zidebe ankamumva popanda kuvutika, ndiye sabata itatha sanamufunse za ulendo. Anali mwana amene iwo ankamubereka kumsana mayi awo akapita kuntchito. Anamupatsa chipinda, n'kumupatsanso udindo wokhala makutu awo.

Kondakitala sanachedwe kuona kuti udindowo ndi wokoma. Tsiku lina kunabwera mayi wogulitsa makala ndi chidebe chobooka, n'kunena kuti afunsidwe akuluwo ngati angamumatire pansi pake. Pakhomo pa shedi panali anthu angapo odikira zinthu zawo. Kondakitala anawerama n'kufuula m'khutu mwa mkulu wake.

"Akuti mukuonekabe mnyamata. Akufunsa ngati simukufuna mkazi."

A Zidebe anaika nyundo pansi, nkhope itagwa ndi manyazi. "Mayi, akazi anga angonditsogola kumene," anatero mwaulemu. "Zimenezo sindinayambe kuziganizira. Koma zikomo pondiganizira."

Mayi uja anatola chidebe chake n'kuchoka akutukwana. Anthu ena aja anagwira mimba. Ukakhala wosamva, kuseka kwa anthu umakuona ngati mano okhaokha, ndipo a Zidebe anaona mano ambiri tsiku limenelo osadziwa chimene chawatulutsa. Masewera amenewa anapitirira. Wofuna ndowa ankayankhidwa za mvula, wofunsa za moyo ankauzidwa kukula kwa paipi. Pasanapite nthawi, pamsika ponse pankamveka kuti mkulu wa malata uja mutu wasiya kukoka.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, amene ankadziwika kuti mayi a mapasa, ankakhala kutsidya lina la tauni ndipo ankagwira ntchito yochapa ndi kusita kuhotela. Ankaimba foni kawirikawiri, koma a Zidebe pafoni sankamva kanthu, ndiye ankaipereka kwa mng'ono wawo. Zimene zinkakambidwa iwo sankazidziwa. Anangoona kuti mwanayo akabwera wasiya kuwafunsa maganizo pa chilichonse, ndipo amawayang'ana ndi maso achisoni ngati mmene munthu amayang'anira galu wokalamba. Tsiku lina ketulo inaphwa madzi pamoto mpaka kupsa chifukwa sanaimve ikulira. Sabata yomweyo mayi a mapasa anabwera, anakambirana ndi bambo awo aang'onowo kukhitchini, ndipo potuluka Kondakitala anasonkhanitsa zida zonse n'kuzikhomera m'bokosi.

"Akuti mupume, akulu," anafuula. "Mungadziotche ndi mtovu."

Shedi ija inasanduka bwalo la makadi. Anzake a Kondakitala, madalaivala opuma ndi alonda, ankadzazamo kuyambira m'mawa, wayilesi ili pa chidutswa cha njanji chija. A Zidebe ankakhala pakhonde manja ali m'miyendo, kuonerera khwalala. Manja amene anazolowera chitsulo anayamba kufewa n'kusuwa khungu. Penapake nawonso anayamba kukhulupirira kuti mwina mutu wawo wathadi, pakuti anthu onse sangakuseke popanda chifukwa.

Amene anaganiza zopita kuchipatala ndi mayi a mapasa. Mnzawo wa kuntchito anawauza kuti kuiwala kwa okalamba madokotala amakuyezanso, ndiye anapempha tchuthi cha tsiku limodzi n'kuwatenga bambo awo kupita ku chipatala chaching'ono cha m'dera lawo, Kondakitala akutsatira pambuyo ngati mboni. Anakhala pa mabenchi pakati pa amayi a makanda ndi anthu otsokomola. Nesi ataitana dzina lawo a Zidebe sanasunthe mpaka mwana wawo anawakoka dzanja. M'chipindamo munali bedi lokutidwa ndi pulasitiki, sinki, sikelo, ndi adokotala, mayi wamfupi wa magalasi. Asanafunse n'komwe, Kondakitala anali atayamba kale.

"Akuluwa mutu unapita, adokotala. Mukawafunsa za kum'mawa amayankha za kumadzulo. Ine ndi amene ndimakhala nawo, ndimaziona."

Adokotala anamumvetsera pang'ono, kenako anamupempha kuti akadikire panja. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana ndi a Zidebe, kuwala kwa pawindo kuli pankhope pawo, n'kulankhula modekha, mawu amodziamodzi.

"Bambo, mukundimva?"

"Ndikuona pakamwa panu, mayi. Pang'ono ndikutola."

Anawafunsa kuti mayi ali pambaliwo ndi ndani, lero ndi lachingati, adya chiyani m'mawa, ndiponso kuti ndowa imayambira pati kupangidwa. A Zidebe anayankha zonse, ndipo pa ndowa anachita kuwaletsa. Kenako adokotala anatenga katochi ka mlomo wosongoka n'kusuzumira m'makutu onse awiri.

"Muli phula louma gwa, mbali zonse. Mumatokosa ndi chiyani?"

"Ndi kamtengo ka machesi. Nthawi zina mutu wa msomali."

"Ndiye mwakhala mukulikhomerera m'kati ngati mmene mumakhomera malata anuwo. Musiye. Mutu wa bambowa ine sindikuona vuto lake," anatero potembenukira kwa mwana wawo. "Tiyambe ndi makutu."

Anawapatsa mankhwala odontheza ofewetsa phulalo n'kuwauza kuti abwerenso sabata yotsatira. Panjira Kondakitala anauza mayi a mapasa kuti timadokotala ta m'zipatala zazing'onoti timangofuna kusangalatsa anthu.

Ulendo wachiwiri mwana wawo anali kuntchito, ndiye anawaperekeza ndi Kondakitala, amene anatsalira pachipata kucheza ndi dalaivala wina. Nesi anawaveka thawulo paphewa, n'kuwagwiritsa kambale pansi pa khutu, n'kuyamba kupopera madzi ofunda. Zimene zinatulukamo zinali zakuda ngati tizidutswa ta makala. Khutu lamanzere litatseguka, chinthu choyamba kumva chinali madzi akudontha musinki, kenako nsapato za nesi pasimenti, kenako khanda likulira kuseri kwa khoma. A Zidebe anagwira bedi mwamphamvu. Adokotala anaima kumbuyo kwawo n'kumanong'ona mawu, khutu lina atalitseka. Anawauza mosabisa kuti lamanja nyundo inaliwononga kwambiri ndipo silidzabwerera, koma lamanzere likadali ndi mphamvu, ndipo akatswiri a makutu amene amayendera chipatalacho akadzabwera adzawayeza ndi makina n'kuwapatsa kachipangizo kothandiza kumva.

Anatuluka ali ndi chimwemwe, akufuna kuuza mng'ono wawo kuti amva madzi akudontha. Atayandikira pachipata, Kondakitala anawaloza ndi chibwano n'kuuza dalaivala uja, ndi mawu ake a masiku onse, "Ndi chimenecho chitsa changa chatuluka. Dikira ndikachikoke."

Kenako anatembenuka, akumwetulira, n'kufuula, "Zayenda bwanji, akulu?"

Mawuwo anawabaya a Zidebe m'khutu ngati waya.

"Chimodzimodzi," anayankha.

Masabata amene anadikira akatswiri aja anawathera pakhonde monga kale, manja m'miyendo, khutu lamanzere atalilozetsa kushedi. Sankamva zonse, koma Kondakitala sanali munthu wovuta kumumva. Anamumva akuwayeseza kalankhulidwe, anzake n'kumagubuduka. Anamumva akufotokoza nkhani ya mayi wa makala uja kuyambira pachiyambi, ndipo m'pamene anadziwa chimene mayiyo anafunsa. Choopsa anachimva madzulo ena foni italira. Kondakitala anaima pakhonde pomwepo, pafupi moti akanatha kumugwira mwendo.

"Lero ndiye zavuta, mwanawe. Sanandizindikire n'komwe. Amandifunsa kuti mayi ako apita kuti. Usadandaule, ine ndilipo. Koma chipinda chakutsogolochi ndiganiza ndilowemo ine, iwo apite chakumbuyo, angatuluke n'kusochera."

A Zidebe anayang'ana njerwa imene inkatsekereza chitseko n'kuiyeza ndi maso, kulemera kwake ndi mtunda wake kukafika pamutu wa dazi uja. Sanaitole. Munthu wa malata amadziwa kuti chitsulo suchipinda ndi nkhonya imodzi. Anakhala phee, ndipo Kondakitala atamaliza anawasisita paphewa n'kuwafunsa mofuula ngati akufuna tiyi.

Tsiku la akatswiri anapita ndi mwana wawo. Akatswiriwo anawaveka zomvera zazikulu kumutu, n'kuwauza kuti azikweza dzanja akamva kulira, kenako anawaika kachipangizo kuseri kwa khutu lamanzere n'kuwaphunzitsa kusintha batire ndi kukapukuta. Adokotala a magalasi aja anakhazika pansi mayi a mapasa n'kuwalangiza. Polankhula ndi bambowa aziima patsogolo pawo pamene pali kuwala, asamaphimbe pakamwa, asamalankhule ali chipinda china kapena atapereka msana, azichepetsa wayilesi, ndipo asamafuule chifukwa kufuula kumangophwanya mawu. Kwa a Zidebe anati akabwerera ku nyundo azivula kachipangizoko n'kutseka makutu, kuti lotsalalo lisathe. A Zidebe anamvetsera malangizo onsewo mwatcheru ngati mwana wa sukulu.

Pobwerera anakhala pabenchi ya pamalo odikirira basi n'kuuza mwana wawo zonse zimene anamva. Mayi a mapasa analira, anapepesa, anati anapusitsidwa. Koma a Zidebe atanena kuti munthuyo achoke panyumba pawo, mwanayo anapukuta misozi n'kuyamba kuwanyengerera.

"Ndi mng'ono wanu, bambo. Tikawathamangitsa apita kuti? Ndikalankhula nawo ine, apepese."

Kondakitala sanapepese. Anaseka mpaka kutsokomola. "Zinali zocheza, akulu. Kodi munthu osaseka? Ndiponso ndikanapanda ine bwenzi mukulankhula ndi ndani nthawi yonseyi?" Anaponya kiyi wa bokosi patebulo. A Zidebe atatsegula anapeza sizasi yawo itagwirana ndi dzimbiri, nyundo imodzi palibe, ndipo pa chidutswa cha njanji panali mabala ozungulira a mabotolo. Anakhala tsiku lonse akupala dzimbiri ndi mafuta, osalankhula ndi munthu.

Kachipangizo kanabweretsa phokoso lambiri limene anali ataliiwala, ndipo masiku oyamba mutu unkawawawa. Koma phokoso loposa onse linali wayilesi ya Kondakitala. Inkalira moti makapu ankanjenjemera pashelefu, mwiniwake atayandikitsa mutu. M'mawa wina munthu anagogoda pachitseko kangapo, Kondakitala ali pampando pafupi ndi chitsekocho, osatembenuka. Tsiku lina mwana wa aneba anamupatsa moni kumbuyo, iye n'kumangopita. A Zidebe anayamba kumuyesa. Anaima kumbuyo kwake n'kunena ndi mawu wamba kuti, "Iwe, malaya ako akupsa." Kondakitala anapitiriza kumwa tiyi. Injini za mabasi zinali zitamudya makutu pang'onopang'ono, ndipo kufuula kumene anthu ankati ndi chizolowezi cha padepoti kunali kwa munthu amene sadzimva bwino yekha. Iye mwini sankadziwa, kapena sankafuna kudziwa.

Atapita kukaonetsa kachipangizo, adokotala anafunsa okha. "Bambo amene anakuperekezani tsiku loyamba aja, olankhula mokweza aja, mudzabwere nawo. Ndikukayika makutu awo."

"Ndikamuuza," anatero a Zidebe.

Sanamuuze. Anatenga malangizo onse a adokotala n'kuwatembenuza. Nkhani yofunika ankainena ali pasinki, atapereka msana, mpopi ukuthira. Ankalankhula dzanja lili pakamwa ngati akutokosa m'mano. Akafuna kumuuza kuti kunabwera mlendo womufuna, ankadikira wayilesi ikweze nyimbo. Nthawi zina podutsa ankangogwedeza milomo popanda mawu, Kondakitala n'kuti, "Mwati bwanji?" iwo n'kuyankha momveka bwino, pamaso pa anzake a makadi amene tsopano ankasewerera pansi pa mtengo, "Ndakuuza kangati kodi? Wayamba kuiwala iwe." Ankati akapeza mmodzi wa anzakewo payekha, ankamukokera pambali ndi nkhope yachisoni. "Mng'ono wangayu muzimuyang'anira. Dzulo anaika nsapato m'kabati ya mbale." Nsapatozo anali ataziikamo okha.

Anzake aja anatengera. Anayamba kulankhula motsitsa dala, kumubera makadi, kumuseka akayankha zosiyana. Kondakitala ankaseka nawo mochedwa, maso akuyendayenda pankhope za anthu kufuna kudziwa chimene chaseketsa. A Zidebe ankayang'ana ali pakhomo pa shedi, thonje lotsekera makutu lili m'manja, ndipo mumtima munkatsekemera. Ankadziwa bwino lomwe mmene zimamvekera m'mimba ukaona mano a anthu. Patapita miyezi, Kondakitala anasiya kupita pansi pa mtengo paja. Ankakhala m'nyumba ndi wayilesi yake, ndipo mawu ake aja anayamba kuchepa.

Masana ena analowa mushedi a Zidebe akudula lata, n'kukhala pa chidebe chovundikira. Anadikira mpaka mkulu wake atavala kachipangizo.

"Akulu," anatero, ndipo kanali koyamba kumumva akulankhula ngati munthu wopempha. "Kodi kwa inu zinayamba bwanji? Za makutuzi."

A Zidebe anamuyang'ana maso ndi maso, kuwala kuli pankhope pawo, n'kulankhula mawu amodziamodzi kuti asaphonye ngakhale limodzi.

"Makutu ako ali bwinobwino, ndi makutu a kondakitala. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi mutu. Usauze anthu, angakutsekere m'chipinda chakumbuyo."

Kondakitala anadzuka pachidebepo n'kutuluka mwakachetechete.

Chaka chimenecho mmodzi wa mapasa aja, mtsikana, anapeza mwamuna, ndipo abale a mnyamatayo anapangana zobwera kunyumba kwa mayi a mapasa kudzakambirana za tsiku la ukwati. Pa zochitika zonse za pabanja wolankhula ankakhala Kondakitala, chifukwa cha mawu ndi nthabwala zake, ndipo apa napo sanafune kuti wina amulande. Anasita jekete yake ya kumabasi. Ali m'njira anagwira mkono wa mkulu wake.

"Mukhale pafupi ndi ine, akulu. Anthu a masiku ano amalankhulira m'mphuno. Ndikaphonya muzindiuza."

"Usade nkhawa," anatero a Zidebe. "Ine ndilipo."

Pabalaza panadzaza. Mipando ina anabwereka kwa aneba, tebulo analiyala nsalu yoyera yositidwa ngati ya kuhotela, ndipo mtsikanayo ankasuzumira pakatani ya kukhitchini. Bambo a mnyamata anali munthu wowonda, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Atatha malonje anapinda manja n'kuyamba.

"Tisanapite patali, tipepese kuti mayi a mnyamatayu sanabwere. Mayi awo, agogo ake a mnyamatayu, atisiya sabata yathayi. Ndiye timati tipemphe kuti ukwatiwu tiusunthire patsogolo pang'ono, misozi iume."

Anthu anaweramitsa mitu. Kondakitala anapendekera kwa mkulu wake. "Akuti chiyani?"

A Zidebe anaika pakamwa pakhutu pake penipeni, dzanja litatchinga. "Akuti agogo ake a mnyamatayu anadwala koma achira, ndiye ukwati ufulumire."

Kondakitala anaimirira, n'kukonza jekete, n'kuomba m'manja kawiri.

"Imeneyi ndiye nkhani yokoma," anatero ndi mawu a padepoti. "Za agogowo tazilandira ndi manja awiri, ndipo kunena zoona ife timadikira zomwezi. Nkhalamba zimachedwetsa zinthu, tonse tikudziwa. Tsopano poti zatheka, tisachedwenso. Tivine mwezi uno."

Anaseka yekha. Pabalaza panali zii. Azakhali a mnyamata anatola chikwama chawo n'kuchikumbatira pachifuwa, mnyamatayo anayang'ana pansi, ndipo kukhitchini kunagwa mbale. Kondakitala anayang'ana nkhope imodziimodzi, kumwetulira kukuuma pakamwa pake. A Zidebe anamukoka jekete kuti akhale, n'kuimirira iwo. Analankhula motsitsa, atapereka msana kwa mng'ono wawo.

"Mutikhululukire, abale athu. Tamva za chisoni chanu ndipo tikulira nanu. Mng'ono wangayu masiku ano mukamufunsa za kum'mawa amayankha za kumadzulo. Tikumusamala."

Alendo anagwedeza mitu momvetsa, azakhali aja anabweza chikwama pansi, ndipo nkhani inapitirira a Zidebe ali olankhula. Kondakitala anakhala pakona mpaka mapeto, palibe amene anamufunsanso kanthu. Alendo atachoka, mlongo wake wa mtsikana uja, mnzake wa mapasa, ndi amene anamufotokozera mofuula zimene zinanenedwa. Kondakitala anatuwa. Analoza mkulu wake chala, kenako anatuluka panja n'kukakhala pa mwala wochapira.

Mayi a mapasa anakokera bambo awo kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Bambo, mwachita dala."

"Inde."

"Pa nkhani ya mdzukulu wanu? Pamaso pa anthu olira?"

"Iye anandichita pamaso pa msika wonse, akazi anga asanaume m'manda. Ndipo iwe unamuthandiza kukhoma bokosi."

"Ine ndinapepesa."

"Iwe unapepesa. Iye anaseka."

Mwanayo anawayang'ana ngati akuona munthu wachilendo. Anafunsa kuti akhala akudziwa kuyambira liti kuti bambo aang'ono samva, ndipo a Zidebe anamuuza zoona, ndi za nsapato zomwe. Sanachite manyazi. Pobwerera kunyumba anakhala kutsogolo kwa basi, mng'ono wawo kumbuyo, ndipo madzulo amenewo anadya bwino.

Sabata yomweyo mayi a mapasa anatenga bambo awo aang'ono kupita nawo kuchipatala chija. Phula linalimo lochepa. Adokotala anati makutu onse awiri anafooka ndi phokoso ndi ukalamba, mutu uli bwino, ndipo akatswiri atabwera Kondakitala naye anapatsidwa kachipangizo kake. Akuti atamva kuti si misala analira pamaso pa nesi. Ukwati unachitika patapita miyezi, wolankhula anali mlamu wa mayi a mapasa, ndipo mkwatibwi sanalankhule ndi agogo ake mpaka atabereka mwana woyamba.

A Zidebe atapita kukatenga mabatire, adokotala anavula magalasi n'kuwayang'ana.

"Munati mukawauza."

"Ndinachedwa."

"Mukudziwa inu mmene zimawawira munthu kukhala m'zii muja. Panopa mukumvana?"

"Timamva tonse, mayi. Kumvana ndiye ayi."

Adokotala anawayang'ana m'makutu, anawapeza ali oyera, anawakumbutsa zotseka makutu pokhoma, n'kuitana wotsatira.

Kondakitala analibe kopita, ndipo mayi a mapasa anakana kuti athamangitsidwe. Choncho a Zidebe anatenga malata akale n'kumanga khoma pakati pa balaza, kuyambira pansi mpaka kudenga, n'kuboola khomo lina kumbuyo kuti aliyense azilowera kwake. Analimanga bwino, mizere yowongoka, popanda mpata ngakhale wa chala. Tebulo lawo lokhomerapo zinthu zing'onozing'ono analisunthira m'nyumba n'kuligunditsa kukhomalo. Munthu wovala kachipangizo sapirira kulira kwa lata, ndiye m'mawa akamva kuti mng'ono wawo wadzuka ndipo watsegula wayilesi, a Zidebe amavula kawo, amatseka makutu ndi thonje, n'kuyamba kuwongola zivundikiro za ndowa. Kondakitala amatukwana kuseri, amavula kake naye, n'kutuluka kupita pansi pa mtengo, kumene anabwerera ku makadi ngakhale nthabwala zake zinachepa. Akakumana pampopi amatukwanana bwinobwino, aliyense ataima patsogolo pa mnzake, ndipo palibe mawu amene amatayika.

A Zidebe akadali kuseri kwa msika. Maso ayamba kufooka, ndiye ntchito ya mtovu anaisiya, koma ndowa akupangabe. Kuchipatala amapita mokhulupirika, ndipo okalamba anzawo angapo a m'khwalalamo anapita kukatsukitsa makutu chifukwa cha iwo. Anapempha nesi kuti tsiku lawo lisamafanane ndi la mng'ono wawo, ndipo nesiyo, atatopa ndi kufunsa chifukwa, anavomera.